Munthu Woima pa Mphambano

Khutbah yoyamba

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mwini ulemerero, amene adamlemekeza mwana wa Adam pomninkha nzeru zosiyanitsira njira, namsenzetsa udindo wa chimene wasankha. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, wopanda mnzake, ndi kuti Muhammad ndi kapolo wake ndiponso Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsata mwaubwino kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni, ndipo tikukulangizani inunso, kuti timuope Allah pamaso pa anthu ndiponso pamene tili tokha.

Abale athu m'Chisilamu, alipo matenda amene samgoneka munthu pamphasa, komabe amamdyera zaka zake ali chiimire. Ndiwo matenda a munthu amene wafika pa mphambano, njira akuziona zonse ziwiri, miyendo ali nayo, koma dzuwa likulowa iye akadali pomwepo. Munthu ameneyu tikumdziwa, pakuti amakhala m'nyumba zathu ndipo amaswali nafe pa mzere umodzi.

Ndi mlimi wa ku Angónia amene mvula yagwa, nthaka yanyowa, mbewu ili m'thumba, koma akuti tiyambe taona ngati mvulayi ili yeniyeni. Anzake akupalira, iye akadayang'ana kumwamba. Ndi mnyamata amene wasunga ndalama zaka ziwiri, osadziwa ngati agulire ukonde, kapena atsegulire kagolosale, kapena akwerere basi ya ku Johannesburg. Mwezi uliwonse amatapako pang'ono, kufikira tsiku limene funsolo lidziyankha lokha chifukwa m'thumba mwatsala mphepo. Ndi mayi amene wamva chotupa m'thupi mwake, namangoti mawa ndipita kuchipatala, mawa ndipita, chotupacho chikukula. Ndi bambo wangongole amene akudziwa bwino kuti ayenera kupita kwa mwini ndalama kukakambirana naye, koma akamuona patali amakhota njira. Makolo athu adaziona kale izi, ndipo adati mapanga awiri avumbwitsa: wothawa mvula amene akuyesa phanga ili nayesanso lija amanyowera pakati.

Chimene chatichititsa kubweretsa nkhaniyi mumzikiti n'chakuti ife Asilamu taphunzira kuwaveka matendawa mkanjo ndi chisoti. Ukamfunsa munthu wotere, akuti ndikudikira Allah. Ukamfunsanso patapita chaka, akuti zonse ndi Qadar. Mawu akuti Insha Allah, amene tidaphunzitsidwa kuwanena pa chinthu chimene tafunadi kuchichita, tawasandutsa khomo lothawira pamene sitikufuna kunena inde kapena iyayi. Motero mantha athu tawatcha tawakkul, kuyadzamira mwa Allah, ndipo tadzitonthoza kuti kukhala chete kwathuku n'kupembedza.

Tiyeni tibwerere ku Madinah, m'mwezi wa Shawwal, chaka cha 3 cha Hijrah, chimene pa kalendala ya masiku onse ndi 625. Ma Quraysh adabwera ndi asilikali pafupifupi 3,000 kudzalipsira anthu awo amene adaphedwa pa Badr, namanga misasa pafupi ndi phiri la Uhud. Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) adasonkhanitsa maswahaba ake nawafunsa chochita. Maganizo a iye mwini adali akuti Asilamu akhale m'kati mwa mzinda, kuti adani akalowa akumane nawo m'tinjira topapatiza ta pakati pa nyumba, momwe unyinji wawo sukadawathandiza. Akuluakulu ena adagwirizana naye. Koma ambiri, makamaka anyamata ndi aja amene sadapezeke pa Badr, adaumirira kuti atuluke akakumane ndi mdani kunja, poopa kuti ma Quraysh adzanena kuti Asilamu achita mantha. Mtumiki (s.a.w) adamvetsera, ndipo ataona kumene ambiri apendekera, adasiya maganizo ake natenga awo.

Tsikulo lidali Lachisanu ngati lero. Atatha kuswalitsa, adalowa m'nyumba mwake kukavala zankhondo. Kunja anthu adayamba kudzudzulana kuti amkakamiza Mtumiki wa Allah kuchita chimene sadachifune. Pamene adatuluka, malaya achitsulo ali m'thupi, lupanga lili pambali, iwo adamuuza kuti ngati afuna abwerere ku maganizo ake oyamba, iwo amtsata. Taganizani, abale, mpata umene udatseguka pamenepa. Anthu akumbwezera maganizo ake omwe, amene iye adawaona kuti ndiwo abwino. Akadakhala mmodzi wa ife akadavula chitsulocho mokondwa, nkhani n'kuyambiranso. Mtumiki (s.a.w) adakana. Adawadziwitsa kuti mneneri akavala zankhondo, kuzivula nkhondo isadachitike n'kosayenera kwa iye. Nthawi yofunsana idali itatha. Gulu limene mtsogoleri wake amavala ndi kuvula potsata kumene mphepo ya anthu yalowera limagonja lisadaone mdani.

Adatuluka anthu 1,000. Ali m'njira, Abdullah ibn Ubayy adabwerera ndi anthu pafupifupi 300, akudandaula kuti maganizo ake sadamveredwe, ndipo adatsala 700. Ngakhale pamenepo Mtumiki (s.a.w) sadatembenuke. Ndipo onani kuti kulimba mtima kwake sikudali kwa munthu wongodziponya pamoto. Tsiku limenelo adavala malaya achitsulo awiri, ena pamwamba pa anzake, iye amene adali woyadzamira mwa Allah kuposa munthu aliyense. Adaika gulu lake chofulatira phiri, naika oponya mivi 50 pa kaphiri kuti atchinge kumbuyo, nawalamula kuti asachokepo zivute zitani.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Ambiri mwa oponya mivi aja adachoka pamalo pawo poganiza kuti nkhondo yatha, adani adazungulira kumbuyo, ndipo Asilamu pafupifupi 70 adaphedwa, mwa iwo Hamzah ndi Mus'ab ibn Umayr (Allah asangalale nawo). Mtumiki (s.a.w) iyemwini adavulazidwa kumaso, dzino lake lidathyoka.

Apa m'pamene phunziro lathu lagona, choncho tisafulumirepo. Munthu angaganize kuti pambuyo pa tsiku lowawa chotere, Allah akadamuuza Mtumiki wake kuti aleke kumvera maganizo a anthu. Koma ndime 159 ya Surah Aal Imran, imene idavumbulutsidwa pa nkhani yomweyi ya Uhud, ikumulamula kuti awakhululukire anthu aja, awapemphere chikhululuko, ndi kupitiriza kuwafunsa maganizo pa zochitika. Kenako ikumuuza kuti akatsimikiza mtima, ayadzamire mwa Allah. Yang'anani ndondomeko yake. Kufunsa kuli patsogolo, kutsimikiza mtima kukutsata, ndipo kuyadzamira mwa Allah kwabwera pambuyo pa kutsimikizako. Munthu amene sadatsimikize kanthu, kodi akuyadzamira mwa Allah pa chiyani? Mlimi amene wabzala ali nacho choikiza m'manja mwa Mbuye wake, pakuti mvula ndi dzuwa sizili m'manja mwake. Amene mbewu ikadali m'thumba alibe choikiza. Tikukumbukira munthu uja amene adafunsa ngati ngamira yake aimange kapena aisiye n'kuyadzamira mwa Allah, ndipo adauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kumangako kukhale koyamba.

Achinyengo a ku Madinah, aja adabwerera panjira, ndiwo adayamba kunena kuti ophedwawo akadawamvera sakadafa, ndipo Qur'an m'Surah yomweyo yawadzudzula pa mawu amenewo. Mtumiki (s.a.w), amene maganizo ake ndiwo adasiyidwa, sadawatonze anyamata aja. Iye adatiphunzitsa kuti chovuta chikatigwera tisamakhalire kunena kuti ndikadachita chakuti, chifukwa mawu amenewo amamtsegulira Satana khomo. Ambiri mwa ife chimene chimatiimitsa pa mphambano ndicho kuopa liwu limeneli la ndikadadziwa. Timaopa kuti tikasankha n'kulakwa, achibale adzatiloza chala, ndipo mtima wathu udzatitsutsa usiku. Koma tsiku lotsatira la Uhud, mabala akadali aawisi, Mtumiki (s.a.w) adaitana anthu omwe aja amene adamenya nkhondo dzulo lake, natuluka nawo kutsata mdani kufikira ku Hamra al-Asad. Sadawapatse mpata wokhala pansi n'kumawerenga zimene zikadachitika.

Inu akapolo a Allah, mwina wina anganene kuti ameneyo adali Mneneri, ife ndife anthu wamba. Tiyeni tsono tiyang'ane chinthu chimene aliyense wa ife amachichita kasanu pa tsiku. Muli pa swala ya Dhuhr, ndipo mwaiwala ngati mwaswali rakaa zitatu kapena zinayi. Kodi Shari'ah ikukuuzani kuti muime njii kufikira mutakumbukira? Kodi ikukuuzani kuti mudule swala mukafunse Sheikh? Iyayi. Ikukuuzani kuti mutaye chikaiko, mugwire chimene mwatsimikiza, chomwe ndi rakaa zitatu, muonjeze imodzi, ndipo mugwetse nkhope pansi kawiri musadapereke salaam. Swala yanu yatha, ndipo njolandirika. Momwemonso munthu amene adachita wudhu, kenako ali pa swala akukayika ngati wudhu wake waonongeka: sachoka pa swala kufikira atamva mkokomo kapena fungo. Pa zimenezi ma ulama adatulutsapo lamulo lalikulu la fiqh, lakuti chimene chatsimikizika sichigwetsedwa ndi chikaiko. Nayenso wapaulendo amene nthawi ya swala yampeza m'tchire, kuli mitambo, palibe womfunsa kumene kuli Qiblah, saloledwa kusiya nthawi ipite. Amayang'ana zizindikiro zimene ali nazo, nalunjika kumene nzeru zake zamuuza, naswali.

Ngati Allah wamkhulupirira kapolo wake kuti adziweruzire yekha pa nkhani ya swala, imene ili nsanamira ya chipembedzo, bwanji kapoloyo akudzikayikira pa nkhani ya ukonde ndi golosale? Tidaphunzitsidwanso kuti woweruza amene wayesetsa ndi nzeru zake zonse nalondola ali ndi malipiro awiri, ndipo amene wayesetsa nalakwitsa ali ndi malipiro amodzi. Wolakwitsa atayesetsa wapatsidwa gawo lake. Amene adakhala osaweruza konse poopa kulakwa sadatchulidwe pa malipirowo.

Pali nkhani ina imene alimi ndi asodzi athu ayenera kuisunga. Alimi a tende a ku Madinah adali ndi chizolowezi chotenga maluwa a mtengo wamphongo ndi kuwaika pa maluwa a mtengo waukazi kuti ubereke bwino. Mtumiki (s.a.w) atawaona, adanena maganizo ake kuti mwina zikadatheka popanda kutero. Iwo adaleka, ndipo chaka chimenecho zipatso sizidachite bwino. Atamuuza, adawayankha kuti pa zinthu za ntchito zawo za dziko lapansi iwo ndiwo odziwa kwambiri. Msodzi wa ku Metangula amene wakulira m'bwato amadziwa maonekedwe a nyanja pamene mwera uli pafupi. Mayi amene wagulitsa pamsika zaka makumi awiri amadziwa mwezi umene chimanga chimakwera mtengo. Nzeru zimenezo ndi chuma chimene Allah adakusungitsani, ndipo n'zachisoni kuona munthu wotere akuzitaya n'kumatsata uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa munthu amene sadagwirepo nkhafi chibadwire.

Ife amene timakhala kutsogolo m'mizikiti timalandira mafunso a mitundu iwiri. Wina amabwera kudzafunsa ngati ngongole imene akufuna kutenga ili ndi riba, kapena ngati malonda akutiakuti ali halaal. Limenelo ndi funso loyenera, ndipo wosadziwa ayenera kufunsa odziwa. Koma wina amabwera atadziwa kale kuti njira zonse ziwiri n'zololedwa, ndipo chimene akufuna n'chakuti Sheikh amsankhire, kuti zikadzavuta adzakhale ndi womloza. Sheikh sadziwa munda wanu kuposa inu. Sadziwa mtima wa mkazi wanu, kapena mphamvu za msana wanu, kapena kuchuluka kwa pakamwa pamene mukudyetsa. Swahaba wina, Wabisah ibn Ma'bad (r.a), atabwera kudzafunsa za chabwino ndi tchimo, Mtumiki (s.a.w) adambwezera ku mtima wake womwe, namphunzitsa kuti chabwino chimaukhazika mtima pansi, pamene tchimo limautekesa ngakhale anthu atakuuza kuti palibe vuto. Izi sizikutanthauza kuti mtima ungaloleze chimene Allah adaletsa. Zikutanthauza kuti m'kati mwa malire a halaal, mtima wa wokhulupirira ndi mboni yoyenera kumveredwa.

Ndipo taonani Abdur-Rahman ibn Awf (r.a) pamene adafika ku Madinah atasiya chuma chake ku Makkah. M'bale wake wa chi Ansar, Sa'd ibn ar-Rabi' (r.a), adafuna kumgawira theka la chuma chake. Iye adamthokoza, nampempherera madalitso, napempha chinthu chimodzi chokha, kuti amlozere kumene kuli msika. Adali mlendo wopanda mpamba, koma adadziwa chimene manja ake ndi mutu wake zingathe. Tsiku lomwelo adabwerako ndi kaphindu ka mafuta ndi mkaka wouma. Sipadapite nthawi yaitali adakwatira, napereka mahari a golide.

Musatimve molakwa, abale. Sitikunena kuti munthu azingodzidalira osafunsa. Safunsa adadya phula. Mtumiki (s.a.w) ankafunsa ngakhale m'nyumba mwake. Pa Hudaybiyyah, m'chaka cha 628, pamene pangano lidalembedwa ndipo maswahaba adasweka mtima chifukwa chobwezedwa asadafike ku Ka'bah, adawalamula katatu kuti azinge nyama zawo ndi kumeta, koma palibe adanyamuka. Adalowa kwa mkazi wake Umm Salamah (r.a) namfotokozera. Mayi wathuyu adamlangiza kuti atuluke osalankhula ndi munthu, azinge nyama yake, aitane wommeta. Adachita zomwezo, ndipo anthu ataona adadzambatuka onse. Amuna amene mumayesa kufunsa mkazi ngati kutsika, imvani zimenezi. Ndipo onaninso kuti chimene chidawamasula anthu aja, amene adauma ndi chisoni, chidali kuona ntchito itayambika.

Koma kufunsa kuli ndi malire ake. Funsani anthu awiri kapena atatu amene amaopa Allah ndipo nkhaniyo amaidziwa: pa za banja, ankhoswe ndi amalume, pa za thupi, achipatala, pa za malonda, amene adawachitapo. Munthu amene wafunsa anthu khumi ndipo akupita kwa wina, kawirikawiri yankho adalimva kale kwa woyamba, koma silidamkomere. Ana a Israeli adalamulidwa kuzinga ng'ombe, ndipo ng'ombe iliyonse ikadakwanira. Iwo adafunsa za msinkhu wake, nafunsa za mtundu wake, nafunsanso, ndipo funso lililonse lidaipanikiza ntchitoyo kufikira idatsala pang'ono kuwakanika. Surah yaitali kuposa zonse m'Qur'an idatenga dzina lake pa nkhani imeneyi.

Tikunena mawu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye Ngokhululuka, Ngwachisoni.

Khutbah yachiwiri

Kutamandidwa n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake.

Abale athu olemekezeka, Allah sadatisiye opanda chogwira pamene mtima wagawanika. Adatipatsa swala ya Istikharah. Jabir ibn Abdullah (r.a) akutiuza kuti Mtumiki (s.a.w) ankawaphunzitsa Istikharah pa zinthu zonse monga momwe ankawaphunzitsira Surah ya m'Qur'an. Kachitidwe kake n'kosavuta. Munthu amaswali rakaa ziwiri zosakhala za faradhi, kenako amawerenga duwa yodziwika ija, imene m'kati mwake amavomereza kuti Allah ndiye wodziwa ndi wokhoza pamene iye sali wotero, natchula chinthu chake, napempha kuti ngati chili chabwino pa chipembedzo chake, pa moyo wake ndi pa mathero ake, chimfewere ndi kudalitsidwa, ndipo ngati chili choipa chitalikitsidwe kwa iye. Amene sadaloweze duwayi afike kwa aphunzitsi a madrasa pambuyo pa swala, amlembera.

Pali zinthu zimene taonjezera pa Istikharah zimene mulibe m'chiphunzitsocho, ndipo ndizo zaisandutsa malo ena oimapo chiimire. Choyamba ndi maloto. Ambiri amakhulupirira kuti ukaswali Istikharah uyenera kugona n'kulota, ukaona zoyera kapena zobiriwira ndiye inde, ukaona zakuda ndiye iyayi. M'hadith ya Jabir mulibe maloto. Munthu akhoza kulota, ndipo loto labwino ndi chisomo, koma si ilo yankho loyembekezeka. Timakumana ndi anthu amene adaswali Istikharah miyezi isanu ndi umodzi yapitayo pa nkhani ya nikaah, ndipo akudikirabe loto, pamene mwana wa eni akukalamba pakhomo pa makolo ake. Chiphunzitsocho chikuyamba ndi munthu amene walinga kale kuchita chinthu, ndipo pa duwayo amachitchula dzina. Ukatha kupempha umanyamuka n'kuyamba. Ngati makomo akutseguka, pitiriza. Ngati atsekeka pambuyo poti wagogoda moona, bwerera wopanda chidandaulo, pakuti ndicho udapempha. Chachiwiri ndi kutuma wina kuti akuchitire Istikharah, mwinanso pomlipira. Nkhani njanu, mphasa yoswalira muli nayo, ndipo pakati pa inu ndi Mbuye wanu palibe mlonda wa pachipata.

Pali khomo lina limene wokayikakayika amakonda kugogoda, ndilo la woombeza ula. Ma Arab a nthawi ya umbuli ankati akafuna kuyenda ulendo kapena kukwatira, ankatenga mivi yolembedwa, wina wolamula, wina woletsa, n'kutsata umene watuluka. Surah Al-Ma'idah yaletsa mchitidwe umenewu m'ndime 3 ndiponso m'ndime 90, momwe yauika pamodzi ndi mowa, njuga ndi mafano. Mtumiki (s.a.w) adachenjeza kuti wopita kwa mlosi kukamfunsa kanthu, swala yake silandiridwa masiku 40. Wopita kumeneko amapereka nkhuku ndi ndalama kuti munthu wina amchotsere mtolo wosankha, ndipo kawirikawiri amabwerako ndi dzina la mbale wake amene akuti ndiye wamtchinga mwayi. Adapita ndi vuto limodzi, wabwera ndi udani wa pachibale.

Tsopano tifike pa nkhani imene ikutiwawa kwambiri, chifukwa pamenepa kukayikakayika kwa munthu mmodzi kumasanduka kupondereza wina. Alipo amuna amene adachoka pamudzi zaka zapitazo, ena ali ku Tete, ena ku Nampula, ena ku South Africa. Kumudzi adasiya mkazi. Samtumizira thandizo, sabwera, koma samsudzulanso. Ankhoswe akamuimbira foni, akuti ndikuganizabe. Alipo enanso amene ali pamudzi pomwepo, koma padutsa chaka asadalowe m'nyumba ya mkazi wawo chifukwa cha mkangano umene sakufuna kuutha kapena kuuweruza. Mayi ameneyo sali pabanja, salinso mfulu woti angakwatiwe. Qur'an m'Surah An-Nisa, ndime 129, yaletsa kumsiya mkazi ali lende chotere. Ndipo m'Surah Al-Baqarah, ndime 226 ndi 227, mwamuna amene walumbira kuti samyandikira mkazi wake wapatsidwa miyezi 4 yokha. Ikatha ayenera kubwerera kwa iye kapena kumsiya. Allah, amene ali woleza kuposa onse, waika malire a masiku pa kuganiza kwa mwamuna, chifukwa masiku amene iye akuganizawo akuchotsedwa pa moyo wa munthu wina. M'bale wathu, ngati nkhaniyi ikukukhudzani, kapena ikukhudza mwana wanu kapena mphwanu, musadikire Ramadhan. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri sabata ino. Ngati mukumfuna mkaziyo, bwererani ndi chilungamo ndi thandizo lake. Ngati simukumfuna, mmasuleni mwaulemu ndipo mumpatse zake zonse. Ana ndi anu m'njira zonse ziwiri.

Pa malire a miyezi aja tingatengepo nzeru yogwiritsa ntchito pa nkhani zina. Chinthu chikakuvutani, chiikireni tsiku. Nenani mumtima kuti pofika Lachisanu likudzali ndikhala nditafunsa akutiakuti, nditawerengera ndalama zanga, nditaswali Istikharah, ndipo Loweruka ndiyamba. Zinthu sizilemera mofanana. Chimene mungathe kuchibweza mukalakwitsa, monga kuyesa mbewu yatsopano pa kachigawo ka munda, musachitayire mwezi. Chimene sichibwezeka, monga kugulitsa munda wa makolo kapena kutchula talaq, chipatseni nthawi yake, ndipo musachichite muli okwiya. Kudekha pa zotere n'kotamandika, ndipo kupupuluma n'kwa Satana. Koma kudekha kumadziwika ndi ntchito imene ikuchitika m'kati mwake. Wodekha ukamfunsa amakuuza amene wakambirana naye ndi chimene chatsala. Tiyeni tiyeni sachoka.

Ndipo mayi uja wa chotupa, ndi bambo amene wakhala akutsokomola mwezi wathunthu, nkhani yawo ilibe mphambano konse. Mtumiki (s.a.w) adatilamula kufunafuna mankhwala. Amuna, perekezani akazi anu. Ana, perekezani makolo anu, ndipo ndalama ya chapa ikasowa, nenani kwa akuluakulu a mzikiti uno tisadabalalike.

E, Allah! Mdalitseni Mtumiki wanu Muhammad ndi akubanja kwake. E, Allah! Akhululukireni Asilamu aamuna ndi aakazi, amoyo ndi amene adatsogola. Achizeni odwala athu, abwezeni apaulendo athu ali amoyo, apepuzireni angongole mitolo yawo. Tipatseni mvula yamadalitso yopanda chionongeko, ndipo dzetsani mtendere ku Cabo Delgado ndi m'dziko lathu lonse la Mozambique. Ameen.

Imirirani, tiwongole mizere ya swala.